Mawu Atatu pa Chinthu Chimodzi: Kumene Chingerezi Chinatenga Mawu Ake



Aliyense amene anachongapo zimangirizo za Chingerezi za ana a Fomu 3 kapena Fomu 4 akuwadziwa matenda amene ndikufuna tikambirane lero. Mwana akufuna kulemba kuti anafunsa agogo ake mbiri ya mudzi wawo. Liwu loti “ask” akulidziwa bwinobwino, koma akuliona ngati la ana a ku pulayimale. Ndiye amatsegula buku la mawu ofanana matanthauzo, kapena foni masiku ano, n'kupeza “interrogate”. Liwu lalitali, lomveka sukulu. Amalilemba mokondwa, osadziwa kuti agogo aja wawalowetsa m'chitokosi cha apolisi, akuwapanikiza ndi mafunso ngati wakuba.

Bukulo silinamunamize. Mawu awiriwa amakhudzadi kufunsa. Chimene silinamuuze n'chakuti mawu a Chingerezi ali ndi kwawo, ndipo lililonse limayendabe ndi khalidwe la kumene linachokera. Chiyankhulochi chili ndi mawu awiri, atatu, nthawi zina anayi pa chinthu chimodzi chifukwa chilumba cha Britain chinalandira alendo kangapo konse, ena obwera ndi mikondo, ena ndi mabuku, ndipo aliyense anasanjika mawu ake pa amene anawapeza. Mphunzitsi wodziwa mbiri imeneyi amatha kumuuza mwana chifukwa chake mawu awiri aja sasinthanitsika. Wosaidziwa amangodula mzere wofiira n'kupitirira.

Tiyambire pansi penipeni. M'zaka za m'ma 400, asilikali a Aroma atachoka ku Britain, mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes inawoloka nyanja kuchokera kumene lero kuli kumpoto kwa Germany ndi Denmark. Dzina loti England likuchokera kwa a Angles amenewa. Anali alimi ndi ankhondo, ndipo mawu amene anabwera nawo ndiwo msana wa Chingerezi mpaka lero: “house”, “mother”, “water”, “bread”, “cow”, “sheep”, “hand”, “night”, “eat”, “sleep”, “love”, komanso “ask” uja. Ndi mawu aafupi, a pakhomo, a kumunda ndi a m'thupi. Mngerezi akapsa mtima, akadwala kapena akamatonthoza mwana, amathamangira amenewa.

Chikhristu chitafika ku Kent ndi Augustine m'chaka cha 597, chinadza ndi Chilatini pang'ono: “bishop”, “altar”, “mass”, “school”. Ophunzira muli panonu mwina simukhulupirira, koma “school”, kholo la sukulu yathuyi, linayambira ku liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi yopuma, pamene munthu alibe ntchito ndipo angathe kukhala pansi n'kumakambirana nzeru ndi anzake.

Kenaka kunabwera a Viking, ochokera ku Denmark ndi Norway. Anayamba ngati achifwamba. M'chaka cha 793 anafunkha nyumba ya amonke ku Lindisfarne. Patapita zaka anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, n'kumalima ndi kukwatirana ndi eni dziko. Kwa iwo kunachokera “sky”, “skin”, “leg”, “knife”, “egg”, “take”, “law”, “husband”, ndi “window”, limene poyamba linkatanthauza diso la mphepo. Koma chodabwitsa ndi timawu toti “they”, “them” ndi “their”. Ziyankhulo zimabwerekana mayina a zinthu tsiku ndi tsiku, monga ife tinabwerekera nsapato, chipewa ndi kalata kwa Apwitikizi. Kubwereka mlowam'malo, liwu loti iwo, sikuchitika wamba. Kumafuna kuti mitundu iwiriyo igone nyumba imodzi ndi kulera ana limodzi.

Apa m'pamene mawu apawiri anayamba kuoneka. “Shirt” ndi “skirt” ndi liwu limodzi, dzina la chovala chachifupi: Angerezi ankalitchula ndi sh, a Viking ndi sk. Poti onse awiri anapulumuka, anagawana thupi, wina kumtunda wina kumunsi. Limodzi mwa mawu akale a Chingerezi otanthauza kufa linali kholo la “starve”. “Die” la a Viking litalanda malo, “starve” linapanikizika n'kutsala ndi imfa ya mtundu umodzi, ya njala, pamene mbale wake wa m'Chijeremani, “sterben”, akutanthauzabe kufa kulikonse. Nthawi zambiri zimatero. Mawu awiri akakumana pa tanthauzo limodzi, limodzi limafa, apo ayi amagawana malire.

William Caxton, amene anabweretsa makina osindikizira mabuku ku England m'chaka cha 1476, analemba mu 1490 za amalonda ena amene ngalawa yawo inaima podikira mphepo atangotsika ndi mtsinje wa Thames. Mmodzi anapita kumtunda n'kukapempha mazira kwa mayi wina, potchula liwu lakumpoto, la a Viking, “egges”. Mayiyo anayankha kuti samva Chifalansa. Wamalonda uja anakwiya, poti nayenso Chifalansa sankachidziwa, mpaka mnzake anatchula liwu lakumwera, “eyren”, mayiyo n'kumva. Caxton ankadandaula kuti kodi wosindikiza mabuku asankhe liti. Lero tikulidziwa limene linapambana.

Chaka chimene ndikufuna muchisunge ndi 1066. Pa 14 Okutobala chaka chimenecho, William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Minda, maudindo ndi mipando ya mabishopu anagawira anthu ake. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, kunyumba ya mfumu, kukhoti ndi m'nyumba za olemera kunkamveka Chifalansa. M'tchalitchi ndi m'mabuku a anthu ophunzira munali Chilatini. Chingerezi chinatsala ndi alimi, abusa a ziweto ndi antchito a kukhitchini. Ife kuno dongosolo lotere si lachilendo. Tikudziwa mmene zimakhalira munthu akamazengedwa mlandu m'chiyankhulo chimene sakumva, ndipo ku Nyumba ya Malamulo yathu aphungu akuyankhulabe Chingerezi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Chingerezi chomwecho chinakhalapo chiyankhulo cha anthu wamba, chonyozeka, m'dziko lake lomwe.

Taonani mawu a ulamuliro: “government”, “parliament”, “court”, “judge”, “jury”, “prison”, “tax”, “army”. Onsewa anadzera ku Chifalansa. Akatswiri amayerekeza kuti mawu a Chifalansa pafupifupi 10,000 analowa m'Chingerezi m'nyengo imeneyi, ndipo ambiri mwa iwo akugwirabe ntchito.

Chitsanzo chotchuka ndi cha nyama. Ife timangoti ng'ombe. Ikaphedwa ndi nyama ya ng'ombe, nkhani yatha. Mngerezi ali ndi “cow” kudambo ndi “beef” m'mbale, “sheep” ndi “mutton”, “swine” ndi “pork”, “calf” ndi “veal”, “deer” ndi “venison”. Mayina a zamoyo ndi a Chingerezi chakale, a nyama yophika ndi a Chifalansa, m'mene “boeuf”, “mouton” ndi “porc” ali mayina a ziweto zomwezo. Walter Scott, m'buku lake la Ivanhoe la mu 1819, ndiye anafalitsa kafotokozedwe kakuti woweta anali Mngerezi, wodya anali wa ku Normandy. N'kokoma kumva, ndipo muli choonadi, koma tisakakometse mopitirira. Kugawanaku sikunachitike m'mawa wa pa 15 Okutobala. Kunatenga zaka mazana angapo, moti ngakhale m'Baibulo la King James la mu 1611 mukupezekabe “beeves” kutanthauza ng'ombe zamoyo, zoyenda ndi miyendo yake.

Mawu ena Angerezi anachita kubwereka kawiri, koyamba m'katchulidwe ka ku Normandy, kachiwiri m'katchulidwe ka ku Paris. N'chifukwa chake pali “warden” ndi “guardian”, “warranty” ndi “guarantee”, “catch” ndi “chase”, “cattle” ndi “chattel”. “Cattle” poyamba linkatanthauza katundu, chuma cha munthu, ndipo ndi mbale wa “capital”, mpamba wa bizinesi; onse akuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mutu. Mngoni wa ku Mzimba sangadabwe kumva kuti ng'ombe ndi chuma zinali liwu limodzi.

Chingerezi chinadzuka pang'onopang'ono. Mu 1204 mfumu John inalandidwa Normandy, ndipo olemera a ku England anayamba kudziona kuti ndi Angerezi. Mu 1362 kunatuluka lamulo loti milandu izizengedwa m'Chingerezi chifukwa anthu sakumva Chifalansa. Lamulolo linalembedwa m'Chifalansa. Pofika nthawi ya Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, chinali chiyankhulo cholembera mabuku olemekezeka. Koma chimene chinadzukacho mfumu Harold akanavutika kuchimva.

Gulu lina la mawu linabwera popanda nkhondo. Kuyambira cha m'ma 1500, anthu ophunzira, pomasulira mabuku akale a zamankhwala, zamalamulo ndi nzeru zakuya, ankangotola mawu a Chilatini ndi Chigiriki n'kuwapatsa mathero a Chingerezi. Ena anaipidwa nazo. John Cheke, mphunzitsi wa Chigiriki ku Cambridge, ankalimbikira kuti Chingerezi chizilembedwa chosasakaniza, ndipo mawu atsopanowo anthu ankawanyoza kuti “inkhorn terms”, mawu a m'botolo la inki. Mawu ena anafadi, ena anakhala, popanda lamulo lililonse losankha: “impede” lilipo, mnzake “expede” anazimirira. Ophunzira omwewa ndiwo anatisiyira ena mwa mavuto a kalembedwe. “Debt” ndi “doubt” ankalembedwa opanda b, monga anachokera ku Chifalansa; b anamulowetsa kuti mawuwo afanane ndi makolo awo a Chilatini, koma satchulidwa. Mu “island” anachita kuphonya. Liwulo ndi la Chingerezi chakale, ndipo s anamuikamo poganiza kuti ndi mbale wa “isle”. Mwana akaiwala s ameneyu, m'chongeni ndithu, koma dziwani kuti walemba monga ankalembera makolo a Angerezi.

Zotsatira zake ndi mawu oyenda atatuatatu. “Ask” ndi la Chingerezi, “question” la Chifalansa, “interrogate” la Chilatini. Chimodzimodzi “rise”, “mount”, “ascend”. “Kingly”, “royal”, “regal”. “Fire”, “flame”, “conflagration”. Ali ngati ana a pamitala: bambo ndi mmodzi, koma aliyense anatengera za kwa amayi ake. Loyamba ndi la pakhomo, lachiwiri la pagulu ndi paulemu, lachitatu la m'buku, kuchipatala ndi kupolisi. Maloya, poopa kusiya mpata, ankangowamanga awiriawiri, la Chingerezi ndi lachilendo: “will and testament”, “goods and chattels”, “breaking and entering”. Chizolowezicho chinawoloka nyanja, ndipo muchipeza m'zikalata za maloya athu.

Mu 1973 Thomas Finkenstaedt ndi Dieter Wolff anawerengera ndi kompyuta mawu pafupifupi 80,000 a mu Shorter Oxford Dictionary. Anapeza kuti pa mawu 100 alionse, 28 ndi a Chifalansa, 28 ena a Chilatini, 5 a Chigiriki, ndipo 25 okha ndiwo a Chingerezi chakale pamodzi ndi abale ake monga cha a Viking ndi Chidatchi. Koma mukawerenga mawu amene munthu amatulutsa pakamwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, zinthu zimatembenuka: mwa mawu 100 ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri, pafupifupi onse ndi akale aja. Komabe chiwerengero cha Chilatinicho chili ndi phindu kwa mphunzitsi. Mwana akadziwa kuti “port” ndi kunyamula, wamva kale “import”, “export”, “transport”, “portable” ndi “porter”. Dr Banda, pokakamira kuti pa Kamuzu Academy paziphunzitsidwa Chilatini ndi Chigiriki kuyambira mu 1981, anali ndi zifukwa zake zina, koma pa mfundo iyi yokha sanalakwe.

Za mawu ochokera kutali ndingodutsapo. Zombo za malonda ndi za atsamunda zinabwerera kwawo ndi “shampoo”, “bungalow” ndi “jungle” a ku India, “tomato” wa ku Mexico, “safari” wa Chiswahili, “impala” ndi “mamba” a Chizulu, “tsetse” wa Chitswana. Mawu a Chiarabu monga “algebra”, “cotton” ndi “zero” anadzera ku Italy, Spain ndi France. “Potato” ndi mbatata yathu ndi pachibale: onse ndi “batata” wa anthu a pazilumba za Caribbean, wina anadzera kwa Asipanishi, wina kwa Apwitikizi. Ndipo tikamatamanda kulemera kwa Chingerezi tizikumbukira kuti ngakhale “loot”, kufunkha, Angerezi analitenga ku India.

Tsopano tibwere pa funso la m'kalasi. Mawu ofanana matanthauzo amasiyana pati? Ife eni Chichewa yankho tili nalo kale. Kufa, kumwalira ndi kutisiya ndi chinthu chimodzi, koma palibe amati galu wamwalira, ndipo wolengeza maliro a mfumu kuti yafa angaone zakuda. Wamimba, wapakati ndi woyembekezera ndi mayi mmodzi, koma si onse otchulika pamaso pa apongozi. Chingerezi n'chimodzimodzi, kungoti ife tinachiphunzira m'buku, ndiye khutu lathu silimva msanga pamene liwu lakhala pamalo osayenera.

Ulemu ndi msinkhu wa liwu tanena kale. Palinso mtima umene liwu limanyamula. Munthu woonda mungamutche “slim”, “thin”, “skinny” kapena “emaciated”: loyamba mwamutamanda, lachiwiri mwangonena, lachitatu mwamunyoza, lachinayi mwamutumiza kuchipatala. Wosunga ndalama ndi “thrifty” mukamukonda, “stingy” akakumanani. “Childlike” ndi chiyamikiro, “childish” ndi chitonzo. Atolankhani ndi andale amazidziwa bwino izi, ndipo mwana wophunzitsidwa kuzimva sapusitsidwa ndi mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala.

Chovuta koposa, chimene palibe lamulo lochifotokoza, ndi chakuti liwu lililonse lili ndi anzake oyenda nawo. “Strong” ndi “powerful” ndi amodzi, koma tiyi wowirira ndi “strong tea”, injini yamphamvu ndi “powerful engine”. Mukasinthanitsa pa tiyipo Mngerezi akuyang'anani. “Big” ndi “large” ndi amodzi, koma “big sister” ndi mkulu wanu, pamene “large sister” mwanena za thupi lake, ndipo mukonzekere kupepesa. Munthu ndi “tall”, khoma likhoza kukhala “high”. Izi siziloweka pamtima ngati ndandanda. Zimalowa powerenga mabuku ambiri, ndipo sukulu yopanda laibulale yawamana ana ake chinthu chimene mphunzitsi, kaya aluse bwanji, sangawapatse pa bolodi.

Dziko nalonso limasiyanitsa. Ku London ndi “lorry” ndi “petrol”, ku New York ndi “truck” ndi “gas”. “Corn” ku America ndi chimanga, pamene ku England kale linkatanthauza mbewu iliyonse yamaso, makamaka tirigu. Kuno kumwera kwa Africa magetsi a pamphambano timawatcha maloboti, zimene mlendo wochokera ku London sangamve. Liwu loti “robot” linatchuka ndi sewero la Karel Čapek la mu 1920, kuchokera ku liwu la chiyankhulo cha ku Czech lotanthauza ntchito yokakamiza, imene makolo athu ankaitcha thangata.

Nanga buku la mawu ofanana lija ntchito yake n'chiyani? Lotchuka kwambiri, lotchedwa “Thesaurus”, analilemba Peter Mark Roget, dokotala wa ku London, amene analisindikiza mu 1852 ali ndi zaka 73. “Thesaurus” ndi liwu la Chigiriki lotanthauza nkhokwe ya chuma. Roget anasanja mawu m'mitu 1,000 potsata maganizo, osati alifabeti, ndipo sanatanthauzire mawuwo. Analembera munthu amene mawuwo akuwadziwa kale, koma limodzi lamuthawa pamene akulifuna. Ndi buku lokumbutsa, si lophunzitsa. Kulipereka kwa mwana amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu, popanda china pambali, n'kumuika pamsampha. Buku lomuyenera ndi la mtundu umene anatchukitsa A. S. Hornby, mphunzitsi wa Chingerezi ku Japan, amene dikishonale yake inatuluka ku Tokyo mu 1942 ndipo pambuyo pake inadzakhala Oxford Advanced Learner's Dictionary. Hornby ankaphunzitsa alendo ngati ife, ndiye anadziwa kuti tanthauzo lokha silikwana: mlendo amafuna kuona liwu lili m'chiganizo, ndi anzake oyenda nawo.

Apa ndichenjeze, poti ndalankhula kwambiri za chiyambi cha mawu. Kudziwa kumene liwu linachokera sikutanthauza kuti mwapeza tanthauzo lake la lero. Timamva kawirikawiri pa guwa ndi pa mitsutso ya ana asukulu kuti liwu lakutilakuti tanthauzo lake lenileni ndi lakuti, poti m'Chigiriki linkatero. Ayi. Tikatsata zimenezo, “nice” ndi chitsiru, pakuti linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza wosadziwa, ndipo cha m'ma 1300 linkatanthauza wopusa. “Silly” anayenda ulendo wotsutsana nawo: poyamba anali wodala, kenaka wosalakwa, kenaka womvetsa chisoni, mapeto ake wopusa. “Meat” chinali chakudya chilichonse, “deer” nyama iliyonse yakutchire, “girl” mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi. “Lord” anali wosunga buledi, “lady” wokanya buledi. “Villain”, munthu woipa wa m'mafilimu, anali wantchito wa pamunda. Mukuona nokha amene ankapereka matanthauzo. Disembala dzina lake likunena mwezi wa khumi, chifukwa chaka cha Aroma akale chinkayamba mu Malichi, koma palibe amakana kudya Khirisimasi pa chifukwa chimenecho. “Malaria” ndi Chitaliyana chotanthauza mpweya woipa. Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897, dzinalo osasintha. Nafenso kapitawo wathu wa pa esiteti sayendetsa sitima kapena gulu la asilikali, ngakhale dzina lake likuchokera kwa kaputeni wa Apwitikizi. Tanthauzo la liwu lili m'kamwa mwa amene akuligwiritsa ntchito lero. Mbiri imangotiuza njira imene linadzera.

Ndipo si mbiri iliyonse imene ili yoona. Mwalandirapo pa WhatsApp uthenga woti “news” ndi zilembo zoyamba za “north, east, west, south”, kapena kuti “golf” akutanthauza kuti amuna okha, akazi saloledwa, kapena kuti “history” ndi “his story”, nkhani ya mwamuna. Zonsezi n'zabodza. “News” ndi “new” wochulukitsidwa, zatsopano, basi. “History” ndi Chigiriki chotanthauza kufufuza. “Golf” akupezeka kale m'lamulo la ku Scotland la mu 1457, limene linaletsa masewerowa chifukwa anyamata ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi. Kupanga mawu ndi zilembo zoyamba ndi chizolowezi cha m'zaka za m'ma 1900, cha “radar”, “laser” ndi Edzi, choncho mukamva kuti liwu la zaka mazanamazana linapangidwa chotero, kayikirani. Ngakhale nkhani yokondedwa ya “salary” njofunika kuisamala. Liwulo lilidi pachibale ndi liwu la Chilatini la mchere, koma zoti asilikali a Aroma ankalandira mchere ngati malipiro sizipezeka m'zolemba za Aroma eniake.

Akatswiri amadziwa bwanji choona? Njira yoyamba ndi kutsata malamulo a kasinthidwe ka katchulidwe. Mu 1786 William Jones, woweruza milandu ku Calcutta, ananena poyera kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini n'zofanana kwambiri moti ziyenera kuti zinachokera kwa kholo limodzi. Mu 1822 Jacob Grimm anaonetsa kuti kusiyana kwake kuli ndi dongosolo: pamene Chilatini chili ndi p, Chingerezi chili ndi f, monga “pater” ndi “father”, “piscis” ndi “fish”, pamene chili ndi t, Chingerezi chili ndi th, monga “tres” ndi “three”. Njira yomweyi ndi imene Carl Meinhof anagwiritsa ntchito mu 1899 pa ziyankhulo zathu, m'mene munthu, “mtu” wa Chiswahili ndi “umuntu” wa Chizulu ali liwu limodzi. Kufanana kwa maonekedwe kokha si umboni. “Much” wa Chingerezi ndi “mucho” wa Chisipanishi amafanana nkhope ndi tanthauzo lomwe, koma si pachibale.

Njira yachiwiri ndi kusaka liwu m'mabuku akale, chaka ndi chaka. Iyi ndiyo ntchito ya Oxford English Dictionary. Ganizo lake linabadwa mu 1857, ndipo James Murray, mphunzitsi wa ku Scotland amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14, anakhala mkonzi wake mu 1879. Anapempha anthu wamba kulikonse kumene Chingerezi chimawerengedwa kuti azikopera ziganizo pa timapepala, n'kulembapo buku, tsamba ndi chaka. Timapepalato tinafika mamiliyoni. Mmodzi mwa otumiza akhama kwambiri, dokotala W. C. Minor, ankalemba ali m'chipatala cha amisala cha Broadmoor, kumene anatsekeredwa atapha munthu. Akonzi a dikishonaleyi ankayembekeza kumaliza m'zaka khumi. Patatha zaka zisanu gawo loyamba linatuluka mu 1884, litangofika pa “ant”. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Murray anamwalira mu 1915 ali pa chilembo T, ndipo ntchito inatha mu 1928, ndi mawu oposa 400,000. Chimene ndimaikondera dikishonale imeneyi n'chakuti pamene umboni wathera imanena. “Dog”, “boy” ndi “girl”, mawu a tsiku ndi tsiku, chiyambi chawo sichinapezeke bwinobwino mpaka lero, ndipo akonzi ake sanapeke nthano yoti atsekere dzenjelo.

Aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi ili. Lekani kupatsa ana mindandanda ya mawu ofanana kuti aloweze, uku “begin” uku “commence”, ngati kuti pakati pawo pali chizindikiro cha masamu. Pa liwu lililonse latsopano, mwana abweretse chiganizo chimene walipezamo, anene amene akuyankhula ndi amene akumuyankhula. Wolemba “buy” pamene mnzake walemba “purchase” musamuchotsere malikisi. Ndipo inu a komiti ya sukulu muli kumbuyoko, ndalama ya chitukuko ikapezeka teremu ino, gulani madikishonale a ophunzira ndi mabuku a nthano, muwaike pamene ana angawagwire, osati m'kabati ya a hedi.